Zikomo nonse, ziliza za agogo tatsegula

Zatheka abale. Loweruka lapitali tatsegula ziliza za agogo athu awiri kumudzi ku Chiradzulu. Mawu anga akadali osasa, msana sukulola kuwerama, koma ndati ndilembe lero lomwe mtima usanazizire.

Komwe tachokera mukukudziwa. Madzi a Freddy mu Malichi 2023 anakokolola mbali ya kumanda, timitanda tonse tinapita, nyumba ya agogo n'kugwa khoma lakumbuyo. Titangoyamba kusonkha, kwacha n'kugwa ndi 44 peresenti mu Novembala chaka chomwecho, ndalama ya simenti ya ziliza ziwiri n'kukwanira chimodzi. Pakati pomwepo matenda a amayi. Sindibwerezanso zimenezo. Mulungu watiyendetsa mpaka pano, dzina lake lilemekezeke.

Zikomo amfumu ndi nduna zanu potilola kulowa kumanda. Zikomo adzukulu, munalambula tchire lija osadandaula. Amayi a Mvano, munagona pamoto Lachisanu usiku wonse, thobwa lija anthu akulikambabe. Abusa, zikomo chifukwa cha mawu aja. Asuweni anga a ku Joni, inu munatumiza kangapo musanafunsidwe n'komwe, Ambuye abwezere pomwe mwachotsapo.

Koma pali munthu mmodzi amene ndikapanda kumutchula ndiye kuti sindinathokoze. Agogo aja okonza njinga pamsika, amene tonse timangowaitana kuti Amisiri. Si abale athu. Alibe foni ya Facebook, ndiye iwe mdzukulu wawo amene uli pano, chonde ukawawerengere zonsezi, usadumphe mzere.

Tsiku lomwe tinapita kukaona malo, palibe mmodzi wa ife amene ankadziwa motsimikiza kuti agogo agona pati. Mitumbira inali itafafanizika, matope okhaokha ndi miyala yochokera kuphiri. Amalume akuloza uku, azakhali akuloza uko, mpaka mawu anayamba kukwera kumanda komweko. Amisiri anafika ndi ndodo yawo, osaitanidwa. Anapita pachitsa cha mbawa, anayenda pang'ono chakum'mawa, n'kuzika ndodo pansi. "Adokotala ali apa. Ndinakumba nawo ndine. Mayi ali kudzanja ili." Anyamata atapalasa matope anapeza njerwa zakale za m'mphepete, ndendende pomwe panali ndodo. Ine ndinangokhala pansi.

Kwa ana amene mukungomva kuti ndinu zidzukulu za dokotala, imvani bwino. Pa pepala agogo aamuna anali medical assistant, kutanthauza wothandizira dokotala, anaphunzira ku Zomba m'nthawi ya atsamunda. Dokotala wa digiri m'boma lathu lino anali Dr Daniel Malekebu, amene anamaliza maphunziro ku Meharry ku America mu 1917 n'kudzatsegulanso mishoni ya PIM, ija ya John Chilembwe, mu 1926 pamodzi ndi akazi awo a Flora. Madokotala oterowo anali owerengeka m'dziko monse, ndipo sukulu yathuyathu ya udokotala, College of Medicine, inadzatsegulidwa mu 1991 agogo atagona kalekale. Ndiye kwa munthu wa kumudzi, amene wavala chovala choyera n'kugwira jakisoni ndiye anali dokotala, ndipo ntchito yake inalidi imeneyo: kusoka mabala, kuzula mano, kumanga mafupa, kupereka kwinini, kuthandiza azamba mwana akavuta kubadwa. Zikakanika, wodwala pamachila mpaka kumsewu, kukadikira galimoto yopita ku Blantyre. Gulupu yomwe tikuidziwayi, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, inatsegulidwa mu 1958. Isanabwere, ngakhale itabwera, ambiri ankathera m'manja mwa anthu ngati agogo.

Zonsezi Amisiri anaziona ndi maso, chifukwa ali mnyamata ndiwo ankawanyamulira bokosi la mankhwala. Madzulo aliwonse pomanga ziliza, tikakhala pansi kumwa tiyi, ankatisimbira. Majakisoni anali agalasi, ankawiritsidwa m'kapoto pa sitovu ya pulayimasi. Singano sinkatayidwa. Ikabuntha ankainola pamwala wosalala, kenako agogo ankaikhudzitsa pa thonje, ikakoka ulusi ndiye kuti ibwerere pamwala. Usiku munthu akagogoda, ntchito ya Amisiri inali kupopa nyali ya Tilley ndi kuigwira m'mwamba osanjenjemera, ngakhale magazi achuluke bwanji. Akuti tsiku loyamba anakomoka, agogo n'kuwathira madzi kumaso, n'kuwapatsanso nyaliyo. Umisiri wa njinga anauphunzirira pa njinga ya agogo, imene inkaponchera pafupifupi ulendo uliwonse wa katemera wa nthomba. Anakwinya malaya kutionetsa chipsera paphewa. Ana athu ankangodabwa, poti nthomba inatha padziko lonse mu 1980 iwo kulibe.

Koma chimene chandigwira mtima kwambiri si zimenezi. Ndalama zitachepa, panabwera maganizo oti timange kaye cha agogo aamuna, cha agogo aakazi chidikire chaka china. Amisiri anamva ali chapatali. Anabwera, anavula chipewa, n'kunena kuti: "Ana anga, ndikhululukireni kulowerera za m'banja. Mukamanga chimodzi, yambani ndi cha mayi."

Ndiye anatiuza zomwe ngakhale amayi anga sankazikamba. Odikirira odwala ankagona pakhonde la agogo, ndipo wowaphikira phala anali agogo aakazi, ufa wochokera m'nkhokwe yawoyawo. Mabandeji sankagulidwa atsopano tsiku ndi tsiku. Iwo ndiwo ankakawachapa kumtsinje, kuwawiritsa m'chidebe, kuwayanika, madzulo ana n'kumawakulunga. Dzina lawo silinali pa buku la malipiro lililonse. Anthu akabweretsa nkhuku, mazira kapena nandolo wothokozera, zambiri zinkathera m'mapoto a odwala omwewo. M'njala ya 1949, imene inazunza kwambiri dera lino, Amisiri anali kamwana, ndipo mayi awo ankawauza mpaka imfa kuti anapulumukira phala la gaga la pakhomo pa adokotala. Ndipo mwana woyamba wa agogo, amene tonse timangomva kuti "anatsogola", anamwalira ndi chikuku bambo ake ali kutali kothandiza ana a eni. Agogo aakazi anamusunga okha usiku wonse. M'mawa mwake kunja kunali anthu pamzere, ndipo mwambo wa maliro utangotha amuna awo anabwerera kukawathandiza. Akuti mayiwo anatha miyezi osawalankhula kupatula za nsima ndi madzi osamba. Ine sindiwaweruza onse awiri. Ndikungoti udokotala umenewu unali wa anthu awiri, wina yekha ndiye ankatchulidwa.

Amisiri sanathere pa mawu. Anaitana ana awo ndi zidzukulu, anatuta mchenga kumtsinje ndi ngolo yawo, njerwa zomwe anaumba kuti amangire kakhitchini anatipatsa zonse. Titawapititsira envelopu anaibweza osaitsegula. Shuga ndi sopo zokha ndiye analandira, nazonso titachita kuwakakamiza. N'chifukwa chake mwaona pazithunzi ziliza ziwiri zofanana msinkhu. Agogo Amisiri, Mulungu wa kumwamba akusungeni, akupatseni masiku ena ambiri, maso anuwo awatsegule. Tagwirizana kuti za ng'ala ya m'maso mwanuyo tizitenga ife, ndipo pamenepa musatikanire.

Tisaiwale kuti agogo aamuna pamudzi paja anali mkamwini chabe. Abale awo ankafuna kukawaika kwawo, mudzi n'kukana kuti dokotala wathu sachoka. Ndiye anthu a m'mudzimo, amene munabwera ndi makasu, nkhuni, mabenchi a kutchalitchi, mwangopitiriza zomwe makolo anu anayamba. Zikomo kwambiri.

Kwa ena aja a pagulu la WhatsApp, amene kalikonse n'kuyankha "tili limodzi" ndi timanja topemphera, koma osaoneka ngakhale ndi thumba limodzi la simenti: zithunzi mwaziona, ndaonanso kuti ena mwaziika kale pa status ndi mawu oti mdzukulu wa dokotala. Palibe vuto. Chibale ndi fupa, sichiola, ndiye ndisiyire pomwepa. Khoma la nyumba ya agogo likadali pansi, mwayi ulipo.

Amayi a Mvano, mapoto anu awiri aakulu ali kwa azakhali, tibweza Lachitatu. Ndipo amene anatenga chithunzi cha agogo atagwira njinga chomwe tinaika patebulo chija, chonde abweze, n'chokhacho chomwe tili nacho ndipo ndinalonjeza Amisiri kuti ndikawatsukitsira chawo.