Lachitatu: Anthu 38 kapena 76?

Msonkhano wa akonzi unayamba 9 koloko, koma nkhani imodzi yokha yadya m'mawa wonse. Ndi ija ya Moses Sithole wa ku South Africa, yomwe ikukonzedwa kuti ituluke patsamba la milandu yakale. Mtolankhani anabwera ndi mutu wakuti "Chilombo cha ku Joni chinapha amayi 76". Pamutu pokhapo panapezeka zolakwika zitatu.

Anayambira pa 76. Nambalayi inachokera pafoni. Mu Okutobala 1995 munthu wina, yemwe pambuyo pake anadziwika kuti ndi Sithole, anaimbira mtolankhani wa nyuzipepala ya The Star ku Johannesburg, nadzitchula dzina labodza, n'kunena kuti wakuphayo ndi iye ndipo wapha anthu 76. Koma khoti lalikulu la ku Pretoria, mu Disembala 1997, linapeza Sithole wolakwa pa milandu 38 yakupha, 40 yogwiririra ndi 6 yakuba mwaumbanda. Wachiwiri kwa mkonzi anaumirira kuti 76 ikhale pamutu poti mwiniwake ndiye anaitchula. Mayi amene amaona nkhani za kukhoti anakana. Anati munthu wodzitamandira pafoni sanalumbire, palibe loya anamufunsa mafunso, ndipo anthu otere amakonda kukuza kapena kuchepetsa malinga ndi zomwe akufuna tsikulo. Anagwirizana kuti 38 ikhale pamutu ndi m'ndime yoyamba, 76 itsike mpaka ndime yachisanu ndi chimodzi, ndipo chiganizo chake chinene amene anaitchula, kumene anaitchulira ndi chaka chake.

Mawu akuti "amayi" sanatenge nthawi. Mwa anthu 38 aja, 37 anali amayi ndipo mmodzi anali kamnyamata kakang'ono, mwana wa mmodzi mwa amayiwo. Ukalemba "amayi 38" ndiye kuti mwanayo wamufufuta. Analemba "anthu".

Pa "chilombo" m'pamene mawu anakwera. Ena anati munthuyu khoti linamugamula kale, sangasumire nyuzipepala, nanga tikumuopa chiyani? N'zoona, kumbali ya malamulo chiopsezo n'chochepa. Vuto lili kwina. Sithole ankafikira amayi ofuna ntchito masana, atavala bwino, akuyankhula mwaulemu, n'kuwalonjeza ntchito. Kenako ankawatengera kutchire, ati podutsa njira yachidule. Analinso ndi kabungwe kotchedwa Youth Against Human Abuse komwe kankamupatsa nkhope ya munthu wachifundo. Wowerenga ukamuuza kuti chinali chilombo amaganiza za munthu woopsa pomuona, n'kuphonya mfundo yakuti amayiwo anamukhulupirira chifukwa ankaoneka ngati bwana wolemba anthu ntchito. Mawuwo anachotsedwa. Dzina lakuti "ABC", lomwe milanduyi imadziwika nalo, lakhalabe m'nkhaniyo, koma ndi kufotokoza kuti linatchuka m'nyuzipepala potengera malo atatu kumene mitembo inkapezeka: Atteridgeville, Boksburg ndi Cleveland.

Chovuta kwambiri chinali ndime yokhudza David Selepe. Apolisi anamugwira mu Disembala 1994 pomuganizira za kuphedwa kwa amayi ku Cleveland, ndipo mwezi womwewo anamuwombera n'kumwalira pomwe anapita naye kukaloza malo. Mlandu wake sunazengedwe, ndipo amayi anapitirira kuphedwa iye atamwalira. Mtolankhani anali atalemba kuti "mnzake wa Sithole, chigawenga china". Mkonzi wamkulu anangofunsa kuti, "Achimwene, ndi khoti liti linanena zimenezi?" Panalibe yankho. Munthu amene wamwalira asanaimirire pamaso pa woweruza amakhala woganiziridwa basi, ngakhale patapita zaka 30. Ndipo "mnzake" ndi mawu olemera kuposa momwe amamvekera, chifukwa akunena kuti awiriwa ankachitira limodzi, chomwe chigamulo sichinatsimikize. Ndimeyo tsopano ikunena zinthu zitatu zokha: anagwidwa liti, ankamuganizira za chiyani, ndipo anafa bwanji malinga ndi apolisi. Mawu akuti "malinga ndi apolisi" wina anafuna kuwachotsa kuti chiganizo chifupike. Anakanizidwa, poti amene anawombera ndi amene akufotokoza zomwe zinachitika, ndipo wowerenga ayenera kudziwa zimenezo.

N'chimodzimodzi ndi mlandu wogwiririra womwe Sithole anamangidwa nawo mu 1989. Kuti khoti linamupeza wolakwa ndi mfundo. Kuti anangomunamizira ndi zonena zake, ndipo zalembedwa kuti "iye ankati".

Titadya nkhomaliro, ntchito inali yolondola magwero. Njira yake njosavuta koma imatopetsa. Pepala limagawidwa mizere inayi: mfundo, amene anainena, tsiku, ndi chikalata chomwe yalembedwamo. Mfundo iliyonse ya m'nkhani imalowa pamenepo. Pamwamba pamakhala chigamulo cha khoti, kenako malipoti a atolankhani omwe anakhala m'khotimo nthawiyo, kenako zolemba za anthu omwe anagwira nawo ntchito yofufuza, monga katswiri wa zamaganizo Micki Pistorius. Awa amadziwa zambiri, koma naonso ali ndi mbali yawo, choncho amatchulidwa dzina. Masamba a pa intaneti osonkhanitsa mbiri za anthu akupha amakhala pansi penipeni. Mtolankhani anali atabweretsa masamba anayi otere monga umboni wa mfundo imodzi. Atawaika pamodzi, atatu anali ndi chiganizo chofanana ndendende, mpaka dzina la malo analilakwitsa chimodzimodzi. Atatuwo si magwero atatu ayi, ndi limodzi lokoperedwa.

Zaka za chilango zinayesedwa ndi masamu wamba. Woweruza David Curlewis anapereka zaka 50 pa mlandu uliwonse wakupha, 12 pa wogwiririra ndi 5 pa wakuba. Ukachulukitsa umapeza 1,900, 480 ndi 30, zonse pamodzi 2,410. Nambala zikapanda kukumana chonchi, ndiye kuti pena wina anakopera molakwika, ndipo kawirikawiri zimenezi zimaulula gwero lofooka msanga kuposa kuwerenga nkhani yonse.

Chithunzi chinatsala pang'ono kudutsa osachiona. Wokonza tsamba anachitenga pa Facebook, chopanda dzina la wojambula ngakhale tsiku. Dzina la Sithole n'lofala kwambiri kum'mwera kuno, ndipo kuika nkhope ya bambo wosalakwa pansi pa mutu wonena za kupha anthu 38 ndiyo njira yachangu yolandirira samani. Chachotsedwa mpaka papezeke cha kukhoti chokhala ndi mwini wake wodziwika.

Pofika 4 koloko mutu unali utasintha kukhala "Moses Sithole: khoti linamupeza wolakwa pa kupha anthu 38". Wachiwiri kwa mkonzi akuti ndi wozizira ndipo sanagonjebe. Nkhaniyo siituluka Lachisanu monga zinakonzedwera, chifukwa mfundo ziwiri za papepala lija zikadali zopanda chikalata.