Lachinayi ku Smeerenburg

Anzanga amene mumagwira ntchito ya u-guide pa sitima za kumpoto kuno mukudziwa kuti July ndi mwezi wosagona. Dzuwa sililowa, alendo nawo sagona, ndipo kampani imafuna kuti tiwatsitse kumtunda kawiri pa tsiku, kunja kuche bwino kapena kuipe. Ife tinanyamuka ku Longyearbyen, tauni yaikulu ya pa zilumba za Svalbard kumpoto kwa Norway, Lolemba madzulo tili operewera. Mnzathu wina anathyoka dzanja ulendo wapitawo, aku ofesi analonjeza kuti atumiza wolowa m'malo, koma padoko panafika alendo okhaokha ndi masutukesi awo. Kwathu kuno munthu mmodzi yemweyo ndiye amanyamula mfuti, amayendetsa Zodiac, boti la mphira lotsitsira alendo kumtunda, madzulo n'kukaimanso kutsogolo kuphunzitsa. Akasowa mmodzi, ndiye kuti pabowoka malo atatu.

Lachiwiri tinali ku Ny-Ålesund. Monga mwa nthawi zonse tinawauza kuti azimitse Wi-Fi ndi Bluetooth chifukwa cha zida za akatswiri ofufuza, ndipo monga mwa nthawi zonse ena anangovomera pakamwa, mafoni ali chiyakire m'matumba. Ine ndinatenga gulu lopita ku nsanja yachitsulo ija yomwe anamangirirapo Norge, chibaluni cha injini, mu 1926. Nkhaniyi sinditopa nayo: Roald Amundsen, Lincoln Ellsworth ndi Umberto Nobile ananyamuka pa 11 May, mawa lake anadutsa pamwamba pa North Pole, n'kukatera ku Teller ku Alaska. Patangotha zaka ziwiri Amundsen yemweyo anasowa pa ndege atanyamuka ku Tromsø kukasaka Nobile, amene chibaluni chake Italia chinagwera pa madzi oundana, ndipo mtembo wake sunapezeke mpaka lero. Ndili mkati mofotokoza, agogo ena a ku Germany anandifunsa kuti munthu wa ku Africa ndikutani kuno, kodi sindizizidwa? Funsoli silisowa. Ndimangowatchulira Matthew Henson, munthu wakuda wa ku America amene anayenda ndi Robert Peary zaka pafupifupi 20, wodziwa kuyendetsa agalu ndi kuyankhula chinenero cha a Inuit, ndipo analipo pa ulendo wa 1909 uja. Kenako ndimawauza kuti boti ndinaliphunzirira pa nyanja ya Malawi nyengo ya mwera, iwo n'kuseka ngati ndikucheza.

Lachitatu ku Magdalenefjorden palibe chokamba. Manda a osaka anamgumi ku Gravneset, kuzungulira ndi maboti pafupi ndi glacier, chikhoma cha madzi oundana, basi. Chokhacho n'chakuti wailesi yanga ya m'manja inazima tisanamalize. Mawailesi amenewa ndi okalamba, mabatire ake akangomva kuzizira amatha msanga, ndipo nkhaniyi tinayamba kuilemba m'malipoti sizoni itangoyamba. Timachita kuwabisa mkati mwa jekete, pachifuwa, kuti atenthedwe. Yankho la ku ofesi limakhala lomwelomwelo, lakuti pempho lathu alandira.

Tsopano Lachinayi.

Smeerenburg ili pa chilumba cha Amsterdamøya, malo athyathyathya, mchenga ndi mitengo yokokoloka ndi nyanja. Pali zotsalira za ng'anjo zomwe a Dutch ankasungunulira mafuta a anamgumi m'zaka za m'ma 1600, ndipo pansonga pamakonda kugona ma walrus, zinyama zikuluzikulu za m'nyanja za minyanga iwiri. Tinafika m'mawa nkhungu ikuoneka chapatali kunyanja, yotsika, yokhuthala. Tinayang'ana gombe ndi ma binocular tili pa bridge, boti lofufuza linazungulira, sitinaone kanthu. Komabe EL wathu, ndiye kuti mtsogoleri wa ulendo, mayi wa ku Norway amene wakalambira ntchitoyi, sanafune kuti titsike. Anati nkhunguyo siichedwa, ndipo anthu onyamula mfuti pamalire kulondera zimbalangondo ndi awiri m'malo mwa atatu. Apo ndi pomwe bwana woyang'anira za alendo analowererapo. Anatulutsa imelo ya ku ofesi yodandaula kuti ulendo wapitawo alendo anatipatsa mamalikisi otsika pa mafomu, poti sanaone ma walrus pafupi. Sanalamule, anthu amenewa salamula. Anangoti, "Ndinu mudziwa, koma ofesi ifunsa." EL anakhala chete kanthawi, kenako anati titsitse theka la alendo, kwa ola limodzi lokha.

Ine anandiika kumapeto kwa mbali ya ng'anjo, mnzanga wa ku Argentina mbali ina, kupitirira ma walrus. Pakati pathu panali anthu pafupifupi 40 ndi ma guide awiri opanda mfuti. Fungo la ma walrus linali ngati la usipa wovundira padoko, koma alendo anali osangalala, makamera ali khethekhethe. Nkhungu inafika mofulumira kuposa momwe tonse tinaganizira. Sitima inayamba kubisika, kenako mnzanga uja, kenako ngakhale majekete ofiira a alendo amene anali patali pang'ono. Ndinaitana EL pa wailesi, anayankha kuti tiyambe kuwabweza. Ndinaitana mnzanga uja, zii. Ndinaitananso, zii.

Chomwe ndinamva ndi kulira kwa mfuti ya flare, ija yoponya moto woopsezera nyama.

Anandifotokozera pambuyo pake kuti chimbalangondo cha kuno, polar bear, chinatulukira m'madzi, n'chifukwa chake boti lofufuza silinachione. Iye anachiona chikuvuuka, chikudzikutumula, n'kugwira wailesi, yakufa. Anakuwa koma mphepo inali yolowera kwa iye. Panalibe njira ina yotidziwitsira koma kuombera.

Ndinalowetsa chipolopolo n'kuyamba kuthamanga kulowera kumene kwamveka kulirako, uku ndikukuwira alendo kuti aunjikane pamodzi apite ku maboti, asathamange. Mwa anthu 40 simulephera wina. Bambo wina wa chikamera chachitali anatembenuka n'kumalowera komwe kuli ngoziko. Ndinamugwira kolala ya jekete n'kumukankhira kwa guide mnzanga, ulemu wa kasitomala ndinauiwala, ndipo mpaka pano sindikudandaula. Kunalinso agogo ena oyenda ndi ndodo amene pa mchenga wonyowa sakanatha kufulumira. Mtsikana wathu wa ku Philippines, amene ntchito yake inali yongothandiza anthu kuvala ma life jacket pagombe, anawakoleka mkono paphewa n'kumawakoka.

Ndinachiona nditafika pambali pa mnzanga. Alendo amaganiza kuti n'choyera, koma pafupi chimakhala chachikasu, ndipo ichi chinali chonyowa, ubweya utamatirira, chowonda m'chiuno. Chinatambasula khosi, mphuno yakuda ili m'mwamba kununkhiza. Flare yoyamba sinachiopse kwenikweni, chinangoima. Lamulo la chaka cha 2025 limati tizitalikirana nacho mamita 300, ndipo kuyambira March mpaka kutha kwa June ndi 500. Apa sipanakwane ngakhale 100. Mukudziwanso kuti nyama imeneyi ndi yotetezedwa kuyambira 1973, ukaipha Sysselmester, bwanamkubwa wa Svalbard, amafufuza ngati mlandu, ndipo funso lake loyamba limakhala lakuti munatsikiranji mu nkhungu. Zonsezi zimadutsa m'mutu chala chili pafupi ndi trigger, madontho a nkhungu akuyenderera pa mpope wa mfuti.

Mnzanga anaombera flare yachiwiri, ndipo anaiponya bwino, inaphulikira pakati pa ife ndi icho osati kumbuyo kwake, poti ikaphulikira kumbuyo chimathawira kwa iwe. Chinadzidzimuka, chinabwerera pang'ono, chinatiyang'ananso, kenako chinatembenuka n'kumayenda mwaulesi m'mbali mwa madzi mpaka nkhungu inachimeza. Kusachiona kunali koopsa kuposa kuchiona. Tinabwerera chafutambuyo, wina akuyang'ana uku wina uko, mpaka pa maboti.

Pagombe napo panali zake. Zodiac imodzi injini inakana kulira, ija yomwe makaniko wathu wakhala akupempha zipangizo zake. Inakokedwa ndi inzake, anthu atapanikizana. Tinawerenga mitu kawiri pagombe, kachitatu pa gangway. Onse analipo. Nditachotsa zipolopolo n'kutsekera mfuti mu kabati, manja anayamba kunjenjemera moti kapu ya tiyi ndinaigwira ndi manja awiri.

Madzulo pa recap, msonkhano wokambirana za tsikulo, alendo anaomba m'manja. Ambiri sanachione n'komwe, koma akuti linali tsiku lopambana pa ulendo wonse. Bwana uja anandisisita paphewa n'kunena kuti mafomu ulendo uno akhala bwino. Sindinamuyankhe. Anthu awa sadziwa kuti chikanagwira munthu, thandizo lathu linali helikopita ya Super Puma yochokera ku Longyearbyen, mu nkhungu ngati imeneyo, ndipo chipatala cha ku Longyearbyen n'chaching'ono, wovulala kwambiri amamutumizanso pa ndege ku Tromsø.

Ndiye pa ndandanda usiku umenewo inali nthawi yanga yophunzitsa za Andrée, poti Virgohamna, pomwe ananyamukira, ili kutsidya chabe kwa Smeerenburg, pa chilumba cha Danskøya. Nthawi zambiri nkhaniyi ndimaikamba momwe kampani imafunira, ya amuna atatu olimba mtima. Usiku umenewo ndinaikamba momwe ilili. Salomon August Andrée anali injiniya wa ku Sweden amene anafuna kufika ku North Pole pa baluni. Ndalama anapereka ndi anthu akuluakulu, Alfred Nobel ndi mfumu Oscar II, ndipo dziko lonse linali maso pa iye. Mu 1896 anadikira mphepo yochokera kumwera, sinabwere, anabwerera kwawo mwamanyazi. Mmodzi mwa anzake, Nils Ekholm, katswiri wa zanyengo, anali atayeza baluniyo n'kupeza kuti ikutaya mpweya kwambiri, singakhale m'mwamba masiku omwe Andrée ankanena. Ananena poyera, sanamvedwe, ndipo anatuluka m'gululo. Anangopeza mnyamata wina, Knut Frænkel, n'kumuika m'malo mwake. Pa 11 July 1897 Andrée, Frænkel ndi Nils Strindberg ananyamuka pa baluni ya Örnen. Mbali yaikulu ya zingwe zomwe ankadalira kuwongolera inatsala pomwepo ponyamuka. Nkhungu inaundana pa baluniyo n'kuilemeretsa, ndipo pa 14 July inatera pa madzi oundana. Anayenda wapansi akukoka katundu mpaka October, n'kufika pa chilumba cha Kvitøya, komwe anafera. Anapezeka mu 1930, patatha zaka 33, pamodzi ndi mabuku awo ndi mafilimu a Strindberg omwe anatheka kutsukidwa, n'chifukwa chake zithunzi za baluni itagona pa ayezi tili nazo.

Ndinakhalitsa pa Ekholm. M'mabulosha a kampani yathu mwadzaza nkhope za Amundsen ndi Fridtjof Nansen, ndipo ife amatitchula kuti olowa m'mapazi awo. Koma Amundsen anakhala nyengo ziwiri zozizira pakati pa a Netsilik, a Inuit a kumpoto kwa Canada, pa ulendo wa sitima ya Gjøa, kuphunzira kuvala zikopa ndi kuyendetsa agalu, ndipo ankafufuza chida chilichonse asanachidalire. Sakanatsitsa anthu 40 pagombe ndi wailesi yakufa. EL anali atakhala kumbuyo kwa holo, atapinda manja. Bwana uja anatuluka ndisanamalize.

Lachisanu tinakwera kupitirira madigiri 80 kukafika m'mphepete mwa ayezi, tinaona chimbalangondo china tili pa deck, patali, momwe ziyenera kukhalira. Loweruka mphepo, theka la alendo m'mabedi ndi matumba osanzira. Lamlungu ku Alkhornet, mphalapala za kuno ndi tiana ta nkhandwe, zithunzi zambirimbiri. EL anakana kutsitsa anthu onse nthawi imodzi, ndipo tinabwereka mawailesi awiri kwa anyamata a ku injini. Palibe amene anamutsutsa.

Lipoti analilemba usiku wa Lachinayi womwewo, n'kudziwitsanso ofesi ya Sysselmester monga mwa dongosolo. Tonse anayi amene tinali pagombe tinasainira. Yankho la kampani linafika tikulowa mu Isfjorden. Anatithokoza chifukwa cha ukatswiri, anafunsa ngati kunali kofunikadi kuombera ma flare awiri, ndipo anati za mawailesi aziona pa bajeti ya sizoni ya chaka chamawa. Guide watsopano wafika lero m'mawa, mnyamata waulemu wodziwa mbalame kwambiri, koma alibe pepala la mfuti. Mnzanga wa ku Argentina wawauza kuti kontirakiti yake ikatha mu August asamuyembekezerenso. Ine ndapita m'tauni kukafunsa mtengo wa mabatire, ndipo lisiti ndalitumiza ku ofesi limodzi ndi kalata yakuti popanda wachitatu wonyamula mfuti, pagombe sinditsika. Alendo atsopano akwera 4 koloko.