Kukoka munthu wa pa ski: pamene ndafika nyengo ino

Chiyambireni pamene mwera unayamba kuchepa mphamvu kumapeto kwa Ogasiti, ndasiya kaye kuyeserera kuima pa maski (timatabwa tatitali tovala kumapazi potsetsereka pamadzi munthu akukokedwa ndi boti) ndipo ndakhala ndikuphunzira kuyendetsa boti lokokera, chifukwa alamu anga, amene ndi eni botilo, anati munthu wofuna kukokedwa ayenera kudziwanso zimene wokokayo amaona ndi zimene sangathe kuona. Timachitira masewerawa cha ku Nkopola, m'mamawa nyanja isanayambe kuwinduka. Kunyamula munthu m'madzi mpaka aime ndayamba kukutha, ndipo liwiro ndikulisunga bwino pamtunda wowongoka. Chimene chanditengera nthawi yambiri ndi zochita pamene munthu wagwa.

Lamulo limene alamu salola kuti liphwanyidwe ndi lakuti boti lisachoke pagombe popanda anthu atatu: woyendetsa, wokokedwa, ndi woyang'anira amene amakhala chopenya kumbuyo. Ndili pa ski ndinkaliona ngati lamulo wamba, koma nditakhala pampando wa woyendetsa ndinamvetsa kulemera kwake. Gombe lathu limapenya kum'mawa, choncho dzuwa likangotuluka kuwala kwake kumathwanima pamadzi, ndipo bwato wa msodzi amene akubwerera kuchokera kokoka usipa, popeza umakhala wotsika pafupifupi kulingana ndi madzi, umaoneka mochedwa kwambiri. Woyendetsa akacheukira kumbuyo kwa masekondi asanu okha pa liwiro la makilomita 30 pa ola, boti limakhala litayenda mamita opitirira 40 popanda wolipenyera kutsogolo. Ku California, m'dziko la America, lamulo limafuna kuti woyang'anira akhale wa zaka 12 kapena kuposerapo, ndiponso kuti m'boti akweze mbendera yofiira kapena ya olenji munthu akakhala m'madzi. Ife mbenderayo tinaitengera, tinakasoketsa kwa telala wa pakhonde, koma pa zaka ndikuona kuti kuno pamafunika munthu wamkulu amene akhoza kudzudzula woyendetsa mosaopa, chifukwa mwana woleredwa mwaulemu sangakalipire malume ake ngakhale ataona kuti zinthu zalakwika.

Zizindikiro za manja timazibwereza tili pamchenga nthawi iliyonse, ngakhale wokokedwayo akhale wozolowera. Chala chachikulu choloza m'mwamba chimatanthauza kuwonjezera liwiro, choloza pansi kuchepetsa, kudzisisita pamutu ndiko kupempha kubwerera kugombe, ndipo kudutsitsa dzanja pakhosi ndiko kunena kuti boti liime. Choyambacho n'chimene chimasokoneza alendo athu, pakuti kwathu kuno munthu akakweza chala chachikulu amatanthauza kuti zonse zili bwino, ndiye wophunzira amene wasangalala kuti waima akhoza kupempha liwiro limene sakulifuna. N'chifukwa chake timagwirizana kuti woyang'anira akaona chizindikirocho kwa munthu watsopano, achibweze kaye ndi dzanja lake ndi kudikira kuti winayo avomere ndi mutu.

Chingwe chathu ndi cha mamita 23, ndipo wophunzira wa maski awiri timamukoka pa makilomita 30 pa ola kapena kucheperapo. Liwiro la makilomita 58 pa ola limene amuna amafika pa mipikisano ya slalom (yokhotakhota pa ski imodzi mozungulira zizindikiro zoyandama) sitiliyandikira n'komwe. Utali wa chingwewo ndiwo umatipatsa muyeso wotalikirana ndi zinthu, chifukwa wokokedwa akhoza kupatukira kumbali pafupifupi utali wonsewo, ndipo boti likamakhota, amene ali kunja kwa khonalo amathamanga kuposa boti lenilenilo. Choncho gombe, miyala, mabwato ndi osambira timazitalikira kuwirikiza kawiri utali wa chingwe. Chogwirira chimagwidwa ndi manja basi. Sachikoleka m'khosi, ndipo chingwe sachikulunga padzanja.

Tsopano za kugwa. Munthu akagwa, woyang'anira amafuula kuti wagwa, amakweza mbendera, ndipo dzanja linalo amaloza pamene pali munthuyo osalitsitsa mpaka titamufika, chifukwa mutu wa munthu pakati pa timafunde ndi kanthu kakang'ono kwambiri, ndipo ukangochotsapo maso umavutika kuupezanso. Wogwayo, ngati sanapweteke, amagwirizanitsa manja pamwamba pa mutu, kenako amaimika ski imodzi m'mwamba kuti maboti ena amuone. Chizindikirocho chikapanda kuoneka, timaganiza kuti wavulala mpaka titatsimikiza. Mtima wa woyendetsa umafuna kukhota mwamphamvu ndi kuthamangira kwa munthuyo, koma alamu anandiphunzitsa kuchepetsa moto kaye mpaka boti likhazikike m'madzi, kenako kukhota pang'onopang'ono, popeza boti lokhota ndi liwiro limaponya funde lake pankhope ya munthu amene mwina wameza kale madzi. Pomuyandikira ndimamusunga kumbali imene ndakhala, kuti asabisike ndi mutu wa boti ngakhale kwa kanthawi, ndipo ndimabwera molimbana ndi mphepo kuti ikamakankha boti izilibweza m'mbuyo m'malo moligwetsera pa iye.

Chomaliza, chimene ndimachiona kuti n'chachikulu pa zonse, ndi kuzimitsa injini munthu asanayandikire kumbuyo kwa boti. Kuchotsa giya sikukwanira, chifukwa propela, chitsulo chamapiko chokankha madzi kumbuyo kwa boti, ikhoza kumazungulirabe pang'ono, komanso bondo la munthu wina m'boti likhoza kugunda chogwirira giya popanda iye kudziwa. Ndinaona alamu atanyamula injini pagombe n'kundiuza kuti ndiyendetse chala m'mphepete mwa propela. Mphepetezo zinali zitanoledwa ndi mchenga ngati khasu lolimira dothi la mchenga, ndipo kuyambira pamenepo sindifunanso wina wondikumbutsa. Injini timailizanso pokhapokha munthu atakwera, chingwe chitakulungidwa m'boti, ndipo woyang'anira wasuzumira kumbuyo n'kunena kuti palibe kanthu. Kachingwe kofiira kozimitsira injini ndimakamanga pamwendo ndisanalize, kuti nditagwa pampando boti lisapitirire lokha. Jekete yoyandamitsa imavalidwa ndi onse atatu, yothina bwino, chifukwa yokhwepa imakwera mpaka m'makutu munthu akamenyetseka pamadzi.

Pali zina zimene mabuku a masewerawa sanena, pakuti analembedwera nyanja zopanda asodzi ochuluka ngati yathu. Matchera amatchedwa madzulo n'kuonjoledwa m'mawa, ndipo chizindikiro chake nthawi zambiri ndi botolo lapulasitiki kapena kachidutswa koyandama kamene sikaonekera patali. Ski ikakola chingwe cha ukonde munthu amagwa chafufumimba, ndipo msodzi amataya chida chimene banja lake limadyerapo. Choncho tisanayambe ndimapita kwa akuluakulu amene amasoka maukonde pagombe, n'kuwapatsa moni ndi kuwafunsa kuti, “Bambo, kodi lero mwatchera mbali iti?” Iwo amandilozera, ndipo amatiuzanso ngati mvuu yaoneka chapafupi. Malo a mabango ndi pamene mitsinje imathira m'nyanja timawapewa chifukwa cha mvuu ndi ng'ona, ndipo kumene Shire amatulukira m'nyanja sitikokerako munthu. Ku Cape Maclear, m'mbali mwa zilumba za Lake Malawi National Park, alendo amasambira nkhope ili m'madzi poonera mbuna, ndiye kumeneko nakonso ndikuona kuti boti lokoka munthu liyenera kutalikira. Pafupi ndi gombe timadutsa pang'onopang'ono, chifukwa funde la boti likhoza kugubuduza bwato wodzaza nsomba kapena kugwetsa mwana amene akusambira pamene amayi ake akuchapa. Dzuwa likalowa sitikoka aliyense, ndipo amene wamwa mowa sayendetsa kapena kuyang'anira.

Pofuna kuzolowera kutola munthu popanda kuika moyo wa wina pachiswe, tikugwiritsa ntchito chigubu chopanda kanthu. Woyang'anira amachiponya m'madzi nthawi imene sindikuyembekezera, ndipo ine ndimayenera kuchifika chili kumbali yanga, injini itazima, boti lisanachikhudze. Madzi akakhala bata ndimatha, koma mphepo ikamaomba cham'mbali boti limatengeka msanga ndikangozimitsa, ndipo ndimaima kutali moti munthu weniweni akanafunika kusambira mtunda ndithu atatopa kale. Masabata akubwerawa, mvula isanayambe ndi mphepo ya mpoto, ndikhala ndikuyeserera zimenezi mphepo ili cham'mbali, ndipo alamu avomera kuti ndidzayamba kukoka ana awo akadzaona kuti chigubucho ndikuchitola ndi dzanja popanda kugwiritsa ntchito nkhafi.