Ndamupitirira Eddie Guerrero

Sabata yatha ndakwanitsa zaka 39. Kunalibe keke, mayi a ana anangophika mpunga wa nkhuku basi. Usiku ndili chigonere ndikuseweretsa foni ndinapeza kavidiyo pa Facebook ka WrestleMania ya 2004, shoo yaikulu ya resiling'i, kumapeto kuja Chris Benoit atawina lamba, Eddie Guerrero nkulowa mu ring'i naye ali ndi lamba wake, awiriwo nkukumbatirana misozi ili mbwee. Ndiye ndinayamba kuwerengetsa. Eddie anamwalira ali ndi zaka 38. Ine amene ndinkamuona ngati chimdala, pano ndine mkulu wake.

Nthawi imeneyo resiling'i tinkaonera ku vidiyo shoo ku Chinamwali, kachisakasa kamdima, mabenchi olimba, thukuta lokhalokha koma sitinkadandaula. Malume anga ankandiseka, amvekere "mphwanga ukungotaya ndalama, anthu amenewa amagwirizana kale wowina". Sankanama ayi, wowina amasankhidwiratu. Koma kugwa kuja nkugwa ndithu, ndipo mpando wachitsulo akakumenya nawo pamutu chitsulocho sichidziwa zoti ndi sewero.

Eddie anamupeza mu November 2005 mchipinda cha hotela ku Minneapolis, anamupeza ndi mbale wake Chavo, mtima utasiya kugwira ntchito. Chondiwawa nchoti munthuyu anali atasintha, mowa ndi mapilisi anali atasiya kwa zaka zingapo, atamuchotsapo ntchito mu 2001 nkubwereranso mpaka kumugwetsa Brock Lesnar nkutenga lamba. Koma mtima unali utatopa kale.

Ntchito yakeyi mukaimvetsa simungadabwe. Osewera mpira mu Super League ligi ikatha amakapuma, awa ayi, chaka chonse ali pamsewu, lero mzinda uno mawa wina, kugwa chagada usiku ndi usiku, ndipo kampani yawo ya WWE siwatenga ngati antchito olembedwa, ali pa kontirakiti ngati aganyu, ukavulala nkukhala kunyumba malo ako pa TV watenga wina. Ndiye munthu amamwa pilisi lopha ululu kuti alowe mu ring'i, lina kuti agone, kuonjezera ma steroid kuti thupi lioneke ladzitho poti mabwana ankakonda zimphona. Zaka khumi ukuchita zimenezo mtima wake uti.

Za Benoit ndimavutika kulemba. June 2007 kunyumba kwake ku Georgia anapha mkazi wake Nancy ndi mwana wawo Daniel wa zaka 7, kenako nkudzipha, ali ndi zaka 40. Madokotala atayeza ubongo wake anaupeza utaonongeka ngati wa nkhalamba ya zaka 85 yodwala matenda oiwala. Paja iye ankadumpha kuchokera pamwamba pa zingwe nkutera ndi mutu, ife mu vidiyo shoo kuwomba mmanja. Sindikumuikira kumbuyo, mwana uja analakwanji. Kungoti kavidiyo kaja sindingakaonenso ngati kale.

Owen Hart yekha sizinali za mapilisi. Mu 1999 ku Kansas City ankamutsitsa ndi chingwe kuchokera kudenga, chomangira nkumasuka, anagwa mamita oposa 20 nkumwalira, ali ndi zaka 34. Ndipo shoo inapitirira! Anzake analowa kukamenyana mu ring'i momwemo. Ife kuno maliro akachitika pamudzi ngakhale wailesi timatsitsa.

Enawo ndingotchula ndi zaka zomwe anamwalira nazo: Yokozuna 34, anafera ku Liverpool mu 2000. British Bulldog 39. Umaga 36. Bray Wyatt mu 2023, nayenso 36, mtima.

Zinasinthako pang'ono, WWE inayambiranso kuyeza mankhwala mu 2006 Eddie atangopita, ndipo kumenyana mipando pamutu analetsa mu 2010. Anadikira mitembo kaye, ine ndimaona choncho.

Dzulo ndabwera kuntchito ndapeza mwana wanga ndi anzake a muno mMatawale atulutsa matiresi panja akupangana RKO, kugwetsana kwa mu resiling'i kogwirana khosi. Ndinakalipa, matiresi nkulowetsa. Mwanayo akuti "koma adadi si mumati munkadumpha ngati Eddie?" Ndinangoti kasambe. Zoona zake ndinadumphadi, frog splash, kudumpha kwa Eddie kogwera pa mnzako atagona, kuchokera pamwala kupita pamchenga ku Likangala, mnzangayo anathawa ine nkutera pa bondo. Mpaka lero June akafika, kuzizira kwa ku Zomba kukatsika mphiri, bondolo limayamba kundiwawa tambala asanalire.