Lachinayi lotentha ku Zomba: chiwaya, keto ndi miyala ya mu impso

Dzuwa la Okutobala laswa mtengo kuyambira m'mawa. Pa depoti ya Zomba anyamata a kabaza thukuta lili kamukamu, koma amene anyamula botolo la madzi ndi owerengeka. Miyala ya mu impso imayambira pomwepa. Madzi akathera m'thukuta mkodzo umachepa, ndiye calcium (yemwe amalimbitsa mafupa) ndi oxalate (chinthu chopezeka m'masamba ndi zakudya zina) zomwe zimayenera kutuluka zimagwirana n'kupanga timiyala. Pa miyala 10 iliyonse, pafupifupi 8 ndi ya calcium. Amene anadwalapo ayenera kukodza malita 2 mpaka 2.5 patsiku, ndipo nyengo ino zimenezi zimafuna kumwa malita 3 kapena kuposa, mabotolo 6 a theka la lita. Mkodzo ukadera ngati tiyi wopanda mkaka, dziwani kuti madzi achepa.

Masana pa chiwaya ku Chinamwali mbale ndi yomweyo: tchipisi, kanyenya, mchere wowaza ndi dzanja, pambali chakumwa cha shuga. Impso zikamataya mchere wambiri zimatayira limodzi calcium mumkodzo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati mchere usafike magalamu 5 patsiku, kasupuni kamodzi ka tiyi, ndipo muyeso umenewu ukuwerengera wa mu buledi, wa m'timakyubu tokometsera ndiwo ndi wa m'nsomba zamchere. Zakumwa za shuga nazo zimawonjezera chiopsezo.

Funso lomwe anthu amafunsa kwambiri ndi loti kodi impso zimatani ndi kadyedwe kochepetsa thupi kotchedwa keto: kusiya nsima, mpunga ndi zipatso, n'kumadya makamaka nyama, mazira ndi mafuta. Thupi limatsikadi, koma impso zimavutika. Nyama ikachuluka mkodzo umakhala ndi asidi wambiri, uric acid (zotsalira thupi likagaya nyama, zomwe nazo zimapanga miyala) amakwera, ndipo citrate, yemwe amaletsa timiyala kugwirana, amatsika. Masabata oyamba thupi limatayanso madzi ambiri. Amene anatulutsapo mwala asayambe kadyedwe kameneka asanaonane ndi dokotala. Osala kudya, kaya pa Ramadan kaya pa mapemphero, amwe madzi okwanira pomasula ndiponso m'bandakucha.

Chomwe chimatidetsa nkhawa kwambiri ndi anthu omwe akamva kuti mwala ndi wa calcium amasiyiratu mkaka, chambiko ndi matemba a ku Chilwa. Kutero n'kuwonjezera vuto. Calcium wa m'chakudya amamanga oxalate m'matumbo momwemo, zonse n'kutuluka ndi chimbudzi. Akasowa, oxalate amalowa m'magazi n'kukathera ku impso. Munthu wamkulu amafunika mamiligalamu 1,000 mpaka 1,200 patsiku, ndipo adyedwe nthawi imodzi ndi zakudya za oxalate wambiri monga sipinachi, bonongwe, mtedza ndi tiyi wakuda. Choncho tiyi athiridwe mkaka. Bonongwe muwiritse kaye, mutaye madzi oyambawo, kenako muthire tomato. Oxalate wina amapita ndi madziwo. Mpiru, repu ndi kabichi zili ndi oxalate wochepa, ndipo mumsika wa Zomba sizisowa. Matemba ndi usipa, poti timadya ndi minga yomwe, zimapatsa calcium, koma amene mwala wake ndi wa uric acid azidya pang'ono.

Madzulo ano mandimu akadalipo pamsika. Finyirani m'madzi akumwa osathira shuga, amawonjezera citrate. Mapiritsi a vitamin C a mamiligalamu 1,000 tsiku ndi tsiku ayi, chifukwa thupi limasandutsa ena kukhala oxalate.

Mwala wosafika mamilimita 5 nthawi zambiri umatuluka wokha; wopitirira 10 kawirikawiri umafuna madokotala. Ukatuluka, usungeni mukawaonetse. Ululu wa m'nthiti cham'mbuyo wotsikira kuchinena, magazi mumkodzo kapena kusanza, pitani mukaunikidwe ku Zomba Central Hospital. Pakakhalanso kutentha thupi ndi kunjenjemera, kapena mkodzo ukasiya kutuluka, musadikire kuti kuche.