Kulemba mbiri ya mbumba yanu ku Thyolo ndi Mulanje: poyambira, ndi pomwe ambiri amasokonekera

Mabanja ambiri a ku Thyolo ndi Mulanje mukawafunsa kumene anachokera amangoti "kwa Apwitikizi", kutanthauza ku Mozambique, nkhani n'kuthera pomwepo. Yankholi ndi loona kwa ambiri, koma mdzukulu sangapite nalo patali. Anachokera chigawo chiti? Anaolokera pa Ruo kapena pa Muloza? Atafika anakhala pa esiteti iti, ndipo chinawachotsapo n'chiyani? Amene angayankhe mafunso amenewa ndi anthu obadwa m'zaka za m'ma 1930 ndi 1940, omwe anamva nkhaniyi kwa eni ake amene anayenda ulendowo ndi mapazi. Atsala ochepa, ndipo ambiri mwa iwo palibe amene anakhalapo nawo pansi ndi cholembera.

Ntchitoyi siifuna digiri. Imafuna kope, foni, kudekha, komanso kudziwiratu malo amene nkhani za makolo zimakonda kupotoka.

Yambani ndi mzere wa amayi. Kuno, kaya ndi kwa Alhomwe, Amang'anja kapena Ayao, mwana ndi wa kuchikazi, mwamuna amakalowa chikamwini, ndipo munda umatsata mbumba. Ophunzira ambiri amalakwitsa poyambira penipeni: amatsata dzina la bambo monga lilili pa chiphaso cha sukulu. Mzere wotero suchedwa kuduka, chifukwa bamboyo anali mkamwini wochokera mudzi wina, ndipo ukwati ukatha kapena mkazi akamwalira ankabwerera kwawo. Tsegulani masamba awiri apakati pa kope. Pansi lembani dzina lanu, pamwamba pake amayi anu, kenako anganga, kenako amayi awo a anganga, mpaka pomwe anthu akukumbukira. Pambali pa mayi aliyense lembani abale ake ndi alongo ake motsata kubadwa, ndipo ikani chizindikiro pa amene anali mwinimbumba. Amuna odzakwatira muwalembe ndi inki ya mtundu wina, aliyense ndi mudzi wa kwawo. Mbali ya bambo anu ikhale ndi pepala lakelake, ndipo mukaifufuze kumudzi kwa amayi awo.

Musayambire kwa amfumu. Amfumu muwaonere ndithu, muwafotokozere chimene mukuchita, chifukwa mudzawafuna mukamadzapempha kulowa kumanda. Koma nkhani ya amfumu imakhala ya ufumu, ya amene anapatsa ndani malo. Mayina a ana amene anamwalira ali akhanda, maukwati amene anatha, m'bale amene anapita ku Salisbury (Harare wa lero) osabwerako, zonsezi zili ndi amayi achikulire. Amalume amadziwa za malire a minda ndi milandu. Adzukulu okumba manda amadziwa amene anagona pati. Aliyense mucheze naye payekha. Mukawasonkhanitsa pakhonde limodzi, wamkulu yekha ndiye amalankhula, ena onse n'kumangoti "eya, ndi momwemo", ngakhale akudziwa zosiyana.

Funso loti "Anganga, tiuzeni mbiri yathu" silibala kanthu. Munthu amasowa poyambira, kapena amakupatsani mawu amene anamva pa wailesi. Funsani tinthu togwirika. "Anganga, amayi anu anagona manda ati?" "Inu munavinidwira kuti?" "Madzi munkatunga pa mtsinje uti muli mtsikana?" "Kalongonda amayi anu ankamutchula chiyani?" Mtsinje ndi manda sizisuntha, ndiye zimakusonyezani pomwe mudzi unali ngakhale pamalopo lero pali tiyi kapena bulugamu. Mawu a Chilhomwe amene atsalira pakamwa pa munthu, mayina a ndiwo, a ziwiya, nyimbo ya pamtondo kapena ya tchopa, amathandiza kudziwa ngati banja linali la Amihavani, Akokhola, Atakhwani, Amanyawa, Amarenje kapena Alikhuku, ngakhale mwini wakeyo atanena kuti chilankhulocho sachidziwa. Mukafunsa, khalani chete. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Dzina limene lathawa lero limabwera mawa munthu akusenda nandolo.

Pa mayina ndi pomwe pamagona chisokonezo chachikulu. Munthu mmodzi amatha kukhala ndi mayina anayi: la ubwana, la kuchinamwali, la ubatizo, ndi limene kalaliki wa pa esiteti analemba m'buku la ntchito. Onjezanipo kuitanidwa ndi dzina la mwana, "amake uje". Mukapanda kusamala mulemba anthu atatu pomwe panali mmodzi, kapena muphatikiza awiri chifukwa mdzukulu analowa dzina la agogo ake. Choncho pa munthu aliyense funsani kuti, "Nanga dzina lina anali nalo? Kutchalitchi ankamuitana ndani? Kuntchito?" Mayina onga Juwawo ndi Antonyo amasonyeza kukhudzana ndi Apwitikizi, koma pawokha sali umboni wa chaka chimene banja linaoloka.

Zaka musazifunse mwachindunji. Chaka chobadwa chimene chili pa chiphaso cha unzika cha munthu wokalamba nthawi zambiri chinali chongoyerekeza pa tsiku lolembetsa. Gwiritsani ntchito zochitika zimene chaka chake n'chodziwika, ndipo mufunse kuti munthuyo anali pa msinkhu wanji. Nkhondo ya Ajeremani, pomwe amuna ankagwidwa kukanyamula katundu wa asilikali, inali 1914 mpaka 1918. John Chilembwe anaukira mu Januwale 1915. Njala yaikulu inali ya 1949. Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chinayamba mu 1953, chaka chomwecho cha zipolowe za ku Thyolo. Kumangidwa kwa Dr Banda ndi anzake kunali pa 3 Malichi 1959, ufulu mu 1964, kwacha kulowa m'malo mwa paundi mu 1971, ndipo ulendo wa Wenela, wopita kumigodi ya ku Joni, unaimitsidwa mu 1974 ndege itagwa ku Francistown. Napolo wa ku Phalombe anali mu Malichi 1991. Mayi akati pa njala ija anali atangotha msinkhu, ndiye kuti anabadwa cha m'ma 1934 mpaka 1936. Akati anali ndi mwana kumsana, bwererani m'mbuyo zaka zina zinayi kapena zisanu. Funsani zochitika ziwiri pa munthu mmodzi kuti chimodzi chitsimikize chinzake.

Apa pali misampha itatu. Woyamba: mawu oti "nkhondo" angatanthauze ya 1914, ya 1939, kapena ya Frelimo ndi Renamo, "njala" ingakhale ya 1949 kapena ya 2002. Funsani kuti ankalamula ndani, ndalama inali yanji. Wachiwiri: anthu ochokera ku Mozambique anabwera kawiri. Gulu lalikulu linalowa kuyambira m'zaka za m'ma 1890 mpaka cha m'ma 1930, kuthawa msonkho, ntchito yokakamiza ndi njala. Lina linabwera m'zaka za m'ma 1980 kuthawa nkhondo yapachiweniweni, ndipo ambiri anabwerera mtendere utasainidwa mu 1992, ena n'kutsala m'maukwati. M'midzi ya kufupi ndi Muloza nkhani ziwirizi zimalowana mosavuta. Wachitatu: mibadwo yapakati imakonda kugwa. Anthu amakumbukira gogo woyamba amene anaoloka ndi anganga amene anawaona ndi maso, wapakati n'kuiwalika. Yesani ndi masamu: patsani m'badwo uliwonse zaka pafupifupi 25. Ngati anganga anabadwa mu 1940 ndipo akuti amayi awo ndiwo anaoloka ali ndi ana Chilembwe asanaukire, pali mayi mmodzi amene wasowa pamzerepo.

Ndikufuna ndikhalitse pa thangata, chifukwa popanda kumvetsa lamulo lake simungamvetse chifukwa chimene mbumba imodzi ili ndi manda malo atatu. Kuyambira mu 1892 boma la Angerezi lotsogozedwa ndi Harry Johnston linapereka kwa azungu zikalata zotsimikiza kuti malo akuluakulu a m'mapiri a Shire ndi awo. Anthu obwera kuchokera ku Mozambique anafika malowo ali kale m'manja mwa eni esiteti, ndiye ankaloledwa kumanga ndi kulima pokhapokha alipire ndi ntchito: mwezi wa lendi, ndi mwezi wina wa msonkho wa nyumba. Mwezi wake sunali wa pakalendala. Unali wa masiku odindidwa pa tikiti, ndipo kapitawo akaona kuti ntchito ya tsikulo sinathe, tsikulo silinkawerengedwa. Ntchitoyo inkafunika dzinja, nthawi yomwe munthu amayenera kupalira munda wake. Lamulo la 1928 linalola kulipira lendi ndi ndalama, ntchito kapena mbewu, koma linapatsanso mwini esiteti mphamvu yochotsa limodzi mwa mabanja khumi aliwonse pakatha zaka zisanu, yochotsa anyamata akakwana zaka 16, komanso yokaniza mwamuna wochokera kunja kudzakhala ndi mkazi wake pa esiteti. Taganizani chimene mfundo yomalizayi inachita pa anthu a chikamwini. Mtsikana amene mwa mwambo amayenera kumanga pafupi ndi amayi ake anayenera kusankha pakati pa mwamuna ndi mbumba. Mukapeza kuti mng'ono wa anganga "anangochoka", funsani ngati anachoka atakwatiwa, ndipo mufunse dzina la esiteti ndi la kapitawo. Thangata anathetsedwa mwalamulo mu 1962, koma izi zisanachitike boma linali litayamba kugula malo ena a maesiteti n'kusamutsirako anthu, potsatira kafukufuku wa Sidney Abrahams wa 1946. Kusamuka kwina ndi kwa posachedwa, pa ntchito ya Kudzigulira Malo imene inayamba mu 2004 ndi kutengera mabanja a kuno ku Machinga ndi Mangochi. Nthambi imeneyo muilembe tsopano, misewu idakadziwika.

Mudzakumana ndi okalamba amene adzakana kuti ndi Alhomwe, n'kunena kuti ndi Anyanja kapena Amang'anja. Musawatsutse, ndipo musathamangire kuganiza kuti akunama. Ena ndi Amang'anja enieni, amene anali kuno obwerawo asanafike. Ena anakula dzina loti Anguru lili chitonzo, makolo awo n'kusiya dala kulankhula Chilhomwe pagulu. Lewis Bandawe, amene anagwira ntchito yomasulira Chipangano Chatsopano m'Chilhomwe, anayambitsa bungwe la Alhomwe mu 1943 ndipo analimbana ndi boma kuti lisiye kugwiritsa ntchito dzina loti Anguru. Lero anthu amapita ku chikondwerero cha Mulhako wa Alhomwe ku Chonde mwezi wa Okutobala monyadira, koma wokalamba amene anatonzedwa ali mwana sasintha chifukwa cha chikondwerero. Lembani mawu ake monga wanenera, ndipo umboni wa manda ndi wa chilankhulo muulembe pambali.

Za kujambula mawu n'zachidule. Pemphani chilolezo, ndipo munthu akati izi musajambule, zimitsani. Tsekani netiweki kuti kuimba kusadule. Foni ikhale pa mpando kapena pa mtondo wovundikira, osapitirira mkono umodzi kuchokera pakamwa, kutali ndi mphepo ndi denga la malata ngati kukugwa mvula. Yambani ndi kutchula tsiku, mudzi, mfumu yaikulu ya deralo ndi dzina la wolankhula. Musapitirire mphindi 45. Wokalamba akatopa amavomera chilichonse. Ndi bwino kupita katatu kusiyana ndi kukhala tsiku lonse. Musajambulire mu WhatsApp, chifukwa foni ikatayika kapena ikafufutidwa zonse zapita. Sungani malo awiri, pa memori khadi ndi pa foni kapena kompyuta ya m'bale wina, ndipo usiku womwewo lembani m'kope mayina onse amene atchulidwa, mukadakumbukira katchulidwe kake.

Zolembedwa zilipo, koma muzipiteko mutatha kufunsa anthu, osati musanayambe. Mabuku a ubatizo ndi a maukwati ndiwo amathandiza kwambiri: Malamulo ku Makwasa ili m'manja mwa a Seventh-day Adventist kuyambira mu 1902, Mulanje Mission inayamba ndi amishoni a ku Scotland kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo maparishi a Katolika amalemba dzina la mwana, la makolo ndi mudzi. Pitani ndi mayina onse a munthuyo, mudzi, ndi zaka zoyerekeza zosapitirira zisanu, apo ayi mlembi sangakuthandizeni. Ku National Archives ku Zomba kuli mabuku a mabwanamkubwa a maboma, momwe muli mayina a mafumu ndi nyakwawa, ndipo ku Mandala ku Blantyre kuli laibulale ya Society of Malawi. M'mapepala akalewo Thyolo ndi Cholo, Mulanje ndi Mlanje, ndipo "l" ndi "r" zimasinthana mwachisawawa, choncho dzina lililonse muliyese m'malembedwe awiri kapena atatu. Musayembekezere kupezamo anganga anu ndi dzina. Boma linkalemba makamaka amuna okhoma msonkho ndi mafumu.

Chomaliza ndi chovuta kuposa zonse. Ku Thyolo ndi Mulanje malo ndi ochepa, ndipo funso loti "anayamba kufika ndani" limamveka ngati chiyambi cha mlandu wa munda kapena wa ufumu. Nenani poyera kwa onse kuti simukusonkhanitsa umboni wa kubwalo, ndipo musunge mawu amenewo. Nkhani ziwiri zikasemphana musasankhe imodzi n'kufufuta inzake. Lembani zonse, iliyonse ndi dzina la amene wanena, tsiku, ndi kumene iye anaimva: anaona yekha, anamva kwa amayi ake, kapena anamva pamaliro. Zinthu zimene zingapweteke anthu amoyo, monga mwana amene bambo ake si amene amadziwika, kapena mayi amene analowa m'mudzi ngati kapolo m'masiku a mafumu a Chiyao Matipwiri ndi Mkanda, zikhale m'kope lina losapita pa gulu la banja la pa foni. Mukamaliza kulemba bwererani kwa anganga, muwawerengere mokweza dzina ndi dzina, pensulo ili m'manja, chifukwa pomva m'pamene amati, "Ayi, ameneyo sanali mwana wa amayi, anali wa mng'ono wawo."