Ndalama ya pa intaneti nayonso amisonkho amaiona

Munthu wolembedwa ntchito saumva kuwawa kwenikweni msonkho. Abwana amaudula malipiro asanafike, iye n'kungolandira zotsala, ndipo pakapita miyezi amazolowera kuti malipiro ake ndi omwewo. Wopeza ndalama pa intaneti zake n'zina. Foni ikalira kuti ndalama yalowa, imalowa yonse, boma la kwawo lisanatapepo kanthu. Maso amaiona yonse, mtima n'kuiwerengera yonse, mawa lake yapita kale ku lendi. Ndiye wina akadzatchula za msonkho, zimamveka ngati akufuna kukulanda chomwe chinali chako kale. Maganizo ambiri olakwika pa nkhaniyi amabadwira pamenepa, osati pa kuipa mtima.

Oyamba ndi aja akuti, "Imeneyi si ntchito, ndimangochita ndikaweruka." Amisonkho safunsa kuti mumaitcha chiyani. Amayang'ana ngati mumachita mobwerezabwereza komanso ngati cholinga chake n'kupeza phindu. Kugulitsa foni yanu yakale pa mtengo wotsika kuposa womwe munagulira si malonda, ndipo m'maiko ambiri palibe msonkho. Koma kuoda mafoni khumi kuti mugulitse pa Facebook, amenewo ndi malonda, ngakhale mulibe sitolo kapena chikwangwani. N'chimodzimodzi kulembera anthu nkhani, kuwajambulira zizindikiro za bizinesi, kuphunzitsa pa Zoom kapena kulandira ndalama ya otsatsa malonda pa YouTube. Maiko ena amaika malire a tindalama tating'ono. Ku Britain, ndalama zolowa za malonda otere zikapanda kupitirira mapaundi 1,000 pa chaka, simufunikira kuziulula. Ku America, phindu la wodzilemba yekha ntchito likangofika madola 400 pa chaka, ayenera kudzaza fomu. Onani kusiyana kwake: ku Britain akuwerenga zolowa zonse, ku America akuwerenga phindu. Choncho malire omwe mwamva kwa mnzanu wa dziko lina musawatenge ngati anu.

Ena amati, "Ndalamayi yachokera kunja, boma la kuno ilikhudza bwanji?" Maiko ambiri amadula msonkho potengera kumene munthu akukhala, ndipo muyeso wofala ndi masiku 183 pa chaka. Alipo maiko omwe amangodula ndalama yopangidwa m'dziko mwawo, koma pamenepa m'pamene anthu amadzinamiza. Ntchito ya manja ndi mutu kawirikawiri imawerengedwa kuti yachitikira pamene wogwirayo wakhala. Kasitomala akhale ku Toronto, kampani yolipira ikhale ku Dublin, ngati laputopu ili patebulo panu, ndalamayo yapangidwira patebulo pomwepo.

Tsopano pali mawu omwe amasokoneza anthu ambiri, ngakhale ochenjera: "Anandidula kale." Anakudulani, inde, koma anadula ndani, ndipo anapita nazo kuti?

Tengani munthu yemwe wagwira ntchito ya madola 500 pa Fiverr, msika wa pa intaneti wopezerapo maganyu. Kampaniyo imatenga 20 peresenti, ndiye kuti madola 100, iye n'kutsala ndi 400. Potumiza ku banki kudzera pa makampani otumiza ndalama monga Payoneer kapena PayPal padukanso kena, posintha ndalama padukanso. Zonsezi si msonkho. Ndi malipiro a eni msika ndi onyamula ndalama. Boma silinalandirepo kanthu. Ubwino wake ngwakuti ndalama zodulidwazi zimaloledwa kuchotsedwa powerengera phindu, bola zikhale zolembedwa.

Za YouTube n'zosiyanako, ndipo n'zofunika kuzimvetsa bwino. Choyamba kampaniyo imatenga gawo lake: pa makanema aatali mwini kanema amalandira 55 peresenti ya ndalama ya otsatsa malonda. Kenako, kuyambira mu 2021, Google, yomwe ndi mwini wa YouTube, imadula msonkho weniweni wa boma la America pa ndalama yochokera kwa oonera a ku America, ngakhale mwini kanemayo sanapondeko. Aliyense amauzidwa kudzaza fomu mu akaunti yake ya AdSense, yolandirira ndalama ya otsatsa malonda, ndipo kwa munthu wamba wa kunja kwa America fomuyo ndi W-8BEN. Mukadzaza, ndipo dziko lanu lilibe pangano la misonkho ndi America, amadula 30 peresenti ya gawo la oonera a ku America lokha. Ngati pangano lilipo, amadula zochepa, mwinanso osadula n'komwe. Mukapanda kudzaza, atha kudula mpaka 24 peresenti ya ndalama yanu yonse ya padziko lonse. Tiyerekeze kuti mwezi uno mwapanga madola 1,000, ndipo 100 okha ndiwo achokera ku America. Wodzaza fomu wopanda pangano ataya madola 30. Wonyalanyaza fomu ataya 240. Fomu yosatenga ndi theka la ola lomwe! Ambiri amaithawa poganiza kuti kulemba dzina n'kudzipereka okha kwa amisonkho, osadziwa kuti kuthawako n'kumene kukuwadyera.

Ndipo ngakhale America yadula, msonkho wa kwanu sunathe. Chomwe chimachitika m'maiko ambiri n'chakuti zomwe zadulidwa kunja amakuchotserani pa msonkho wa kwanu, kuti musalipire kawiri pa ndalama imodzi. Koma amafuna umboni. Umboniwo ndi chikalata cha 1042-S chomwe chimaikidwa mu akaunti chaka chikatha. Chikopereni, musunge.

Funso lomwe lili pansi pa zonsezi, lomwe anthu amanong'ona, n'lakuti, "Adziwa bwanji?" Zaka khumi zapitazo linali funso lanzeru. Lero layamba kutha mphamvu. Ku European Union lamulo lotchedwa DAC7 linayamba pa 1 January 2023, ndipo limakakamiza misika ya pa intaneti kupereka kwa amisonkho dzina la wogulitsa, adiresi, nambala ya msonkho, akaunti ya ku banki ndi ndalama zomwe walandira pa miyezi itatu iliyonse. Wogulitsa katundu amasiyidwa pokhapokha ngati wagulitsa kosakwana ka 30 pa chaka ndipo sanapitirire mayuro 2,000. Wogwira ntchito kapena wochititsa lendi nyumba alibe malire oterowo. Britain inayamba zofanana nazo mu January 2024. Pamwamba pa izo, maiko oposa 100 amagawana chaka ndi chaka mbiri ya maakaunti a ku banki a anthu okhala kunja, potsatira dongosolo lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2017, lokonzedwa ndi OECD, bungwe la maiko loona za chuma. Si dziko lililonse lomwe lalowamo, komabe ndalama ya pa intaneti ili ndi chilema chimodzi chomwe ndalama ya pamanja ilibe: siiwalika. Tsiku, kuchuluka, wotumiza, zonse zimakhala pakompyuta ya wina. Amisonkho akhoza kusakuonani chaka chino, koma akadzakuonani amabwerera m'mbuyo, ndipo chakudza sichiimba ng'oma.

Pali dandaulo lina lomwe sindilitenga mopepuka. Anthu amati, "Ndilipirenji pomwe misewu ndi maenje okhaokha, pomwe makampani akuluakulu amazemba poyera?" Mkwiyo umenewu uli ndi pogwira. Kuzemba kwa makampani n'chifukwa chake maiko oposa 130 anagwirizana mu 2021 kuti makampani aakulu kwambiri azilipira msonkho wosachepera 15 peresenti. Kungoti dandaulo limeneli malo ake ndi povota ndi pofunsa atsogoleri. Pa tebulo la wofufuza misonkho silichotsa ngakhale kobiri. Ndipo kampani yaikulu ili ndi maloya, inu muli ndi foni.

Kunena zoona, chomwe chimagwetsa anthu si kukula kwa msonkho. Ndi kusalemba. Msonkho umadulidwa pa phindu, koma phindu limafuna umboni wa zomwe munawononga. Wopanda malisiti atha kuwerengeredwa pa ndalama yonse yomwe yaoneka ku banki, kuphatikizapo ngongole yomwe mlongo wake anamubwezera, ngati sangathe kusonyeza kuti inali ngongole. N'chifukwa chake chinthu choyamba n'kutsegula akaunti yapadera ya ndalama ya ntchito basi. Ya sukulu, ya maliro, ya mphatso zidutse kwina.

Chachiwiri ndi kaundula. Kope wamba kapena Excel, zonse zimagwira. Ndalama iliyonse ikalowa lembani tsiku, wolipira, ndalama yonse isanadulidwe, zomwe msika wadula, msonkho wodulidwa kunja, mtengo wosinthira ndalama wa tsiku limenelo, ndi zomwe zafika m'ndalama ya kwanu. Danga la mtengo wosinthira ndi lomwe ambiri amalumpha, kenako kumapeto kwa chaka n'kuchulukitsa madola onse ndi mtengo wa tsiku lomaliza. Ngati ndalama ya kwanu yagwa m'kati mwa chaka, mwadzikwezera nokha msonkho pa ndalama yomwe simunaigwire.

Mbali ya zotuluka imafuna chilungamo ndi nzeru pamodzi. Bandulo ya intaneti, malipiro a mapulogalamu, kutsatsa malonda, kutumiza katundu, munthu wokuthandizani kukonza makanema, zonsezi zimaloledwa. Koma foni yomwe mumagwirira ntchito n'kumachezeranso ndi abale simungaiike yonse. Ganizirani gawo loona, kaya 60 peresenti, lembani chifukwa chake, ndipo musamalisinthe mwezi ndi mwezi. Zida zokhalitsa monga kamera ndi laputopu maiko ambiri salola kuzichotsa kamodzi, mtengo wake umagawidwa pa zaka zingapo. Malisiti a pepala lonyezimira lija amafufutika m'miyezi yochepa, ajambuleni tsiku lomwelo.

Chachitatu: ndalama ikangolowa, chotsani gawo la msonkho musanakhudze china. Ngati simunawerengere bwino mulingo wa kwanu, 25 mpaka 30 peresenti ya phindu ndi poyambira pabwino, ndipo yotsala ikhala yanu. Ikani pomwe dzanja silifika msanga. Dziwaninso kuti maiko ambiri sadikira chaka kutha. Ku America wodzilemba ntchito amalipira kanayi, mu April, June, September ndi January. Ku Britain amalipira pa 31 January ndi pa 31 July, ndipo woyamba kumene amadzidzimuka, chifukwa pa January woyambayo amafunsidwa msonkho wa chaka chatha chonse ndi theka la chaka chotsatira nthawi imodzi. Amene anasunga ndendende ya chaka chimodzi amapezeka waperewera.

Pali zinthu ziwiri zomwe anthu saziona ngati ndalama. China ndi mphatso za makampani. Wotchuka pa Instagram akapatsidwa foni kuti aitamande, n'kukhala nayo, foniyo ndi malipiro, ndipo imawerengedwa pa mtengo wake wa pamsika. India inafika poika lamulo mu July 2022 loti kampani yopereka zoterezi idule 10 peresenti zikapitirira marupi 20,000 pa chaka. China ndi Bitcoin ndi zinzake, ndalama zopezeka pakompyuta pokha. America inanena kale mu 2014 kuti zimenezi ndi katundu. Ndiye mukalipidwa nazo pamakhala mawerengero awiri: mtengo wake pa tsiku lomwe mwalandira ndi malipiro, ndipo mukadzagulitsa zitakwera, kusiyanako ndi phindu lina. Zikagwa musanagulitse, msonkho wa tsiku lolandira lija umakhalabe pomwepo. Walira mvula walira matope.

Nanga amene wadya kale zaka ziwiri kapena zitatu osaulula? Kukhala chete n'kumene kumakulitsa bala, chifukwa chindapusa ndi chiwongoladzanja zimayenda ndi kalendala. Ku Britain kuchedwa ndi fomu tsiku limodzi ndi mapaundi 100, ngakhale mulibe msonkho woti mulipire. Ku America chindapusa cha kusapereka fomu ndi 5 peresenti ya msonkho pa mwezi mpaka kufika 25 peresenti, pomwe cha kuchedwa kulipira ndi theka la peresenti imodzi pa mwezi. Apa pakuoneka chomwe amisonkho amadana nacho kwambiri: kubisala, osati kusowa ndalama. Choncho perekani fomu pa nthawi yake ngakhale m'thumba muli mbee, kenako pemphani kulipira pang'onopang'ono. Mabungwe ambiri a misonkho amachepetsa chilango kwa wobwera yekha asanalandire kalata. Kalata ikafika kaye, mwayiwo umachepa kapena kutheratu.

Musanapite kumeneko, kapena kwa wowerengera ndalama woti akuthandizeni, lowani m'maakaunti onse omwe munalandirirapo ndalama, mukope mbiri ya malipiro ya chaka chilichonse. Chitani zimenezi ngakhale mulibe mlandu, kamodzi pa miyezi itatu. Misika ya pa intaneti imatseka maakaunti mosachenjeza, ina imasunga mbiri ya zaka zochepa chabe, ndipo akaunti ikatsekedwa umboni wa zomwe anakudulani umatsekeredwa momwemo, pomwe ku banki kukuonekabe ndalama iliyonse yomwe inalowa. Mapepalawo asungeni malo awiri, kwa zaka zosachepera zisanu ndi chimodzi.